Masiku Khumi ndi Anayi

Mlongo wanga Swaleyi amakonza mafoni
pakhonde la sitolo ya a Bwanali, kuseri kwa depoti,
pamene fumbi la matola limalowa ngakhale m'zotsekedwa.
Usiku amakonza china
chimene palibe anamutuma.

Kunali gemu ija tinkasewera tili ana
m'kanyumba ka vidiyo ku M'baluku,
ndalama ya sopo itasanduka mphindi khumi:
kamunthu kothamanga, kofunafuna kwawo
mumzinda wa chipale umene sitinauonepo.
Makina ake anafa kalekale.
Eni ake, kutsidya kwa nyanja zamchere,
anaiiwala ngati nsapato ya mwana amene wakula.

Zaka zitatu,
pa laputopu yozima magetsi akangotsokomola,
Swaleyi anaimanganso.
Chipale anachotsa, anaikamo dzuwa la Okutobala.
Kamunthu kaja anakakweza pa kabaza,
kuwoloka mlatho wa Shire, kuzemba mbuzi,
kutsika chitunda cha ku Namwera mabuleki akulira.
Kakagwa, kamadandaula m'Chiyao.
Mawu a mayi wa zitumbuwa ndi anga;
anandijambula kasanu ndi kawiri
chifukwa ndinkangoseka.

Sanagulitse. Ana a ku Mpondasi ankapatsirana m'mamemori.
Wina ali ku Joni analemba kuti anaimitsa gemu
pa mlambe wa pamphambano
nangoyang'ana, mpaka bwana wake anamukalipira.

Kalata inafika Lachiwiri,
Chingerezi chosalala ngati mpeni watsopano.
Loya wa kampani. Chotsani. Masiku khumi ndi anayi.

A Bwanali, akuyeza shuga, anati
nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.
Amalume anati wakuba ndi wakuba
ngakhale atole cha kudzala.

Ine ndilibe loya, ndimagulitsa mayunitsi,
koma inu eni ake, ndimvereni.
Munda ndi wanu, sindikukana, malire ndawaona.
Koma munausiya thengo mpaka njoka zinaswana.
Wabwera mnyamata ndi khasu lake, mbewu zake,
walima usiku, osapempha ngakhale madzi akumwa,
ndipo anthu ayambanso kutchula dzina lanu.
Munthu wotere mumamuthira agalu?
Kapena mumamufunsa: mawa ungabwere nthawi yanji?
Ena mumawayesa mayeso a ola limodzi.
Uyu walemba ake zaka zitatu
ndipo mwawawerenga, apo ayi kalata simukanalemba.

Ndinanena zonsezi kukhoma, ndikuchapa.
Kenako ndinachita mantha ndi pempho langa lomwe.
Atamutenga?
Amupatsa mpando wozungulira ndi kakhadi kapakhosi,
amuuza kuti kabaza sagulitsa malonda,
abwezeretse chipale.
Dzina lake lidzadutsa kumapeto, m'timalemba ting'onoting'ono,
pamene osewera apita kale kukamwa madzi.
Mwina adzatumiza ndalama ya malata.
Malata tikuwafuna, denga likudontha pamutu pa amayi.
Sindikudziwa chomwe ndikupempha.

Ndinamufunsa iye mwini.
Anali ndi sikulu pakamwa, sanayankhe.
Atailavulira m'dzanja anati,
"Akanangonena kuti anaisewera."

Tsiku la khumi ndi chitatu anaichotsa.
Chala chimodzi, zaka zitatu.
Madzulo omwewo ndinadutsa pasukulu
ndipo pansi pa mtengo wa nimu
ndinamva mawu anga akutuluka m'foni yosweka galasi,
zitumbuwa zamotooo,
ana asanu atapanikizana mitu.
Loya akalembere amenewo.

Tsopano pa laputopu pali tsamba loyera
ndi kamtsikana ka mizere inayi, kosafanana ndi ka wina aliyense,
katasenza beseni, kalibe dzina.
Akuti miyendo ikumuvuta, sikuyenda bwino.
Ndamuuza kuti ayang'ane mmene ndimayendera ine
ndikachedwa kumsika.

Kwabwera munthu ndi foni yogwera m'ndowa.
Swaleyi watseka laputopu,
watambasula dzanja.