Tulo ta Masana pa Nambala 14

Ine ndimagona anthu akadzuka.
Usiku wonse ndimalondera mapampu a madzi kuminda ya nzimbe,
ine, tochi, chibonga ndi udzudzu wa mu Shire.
Ndiye tulo tanga ndi ta masana,
ndipo masana a ku Nchalo mu Okutobala
sadziwa kuti munthu ndi mnofu.

Zaka khumi ndi chimodzi malata a nambala 14
akhala akundiwamba ngati mlamba pa waya.
Ndinkanyowetsa chiguduli n'kugonapo pa simenti;
pofika leveni koloko chauma gwa,
mutu ukugunda ngati mtondo wa eni,
malata akulira okha, tha! tha! ngati ana akugenda.
Kandulo ankawerama asanayatsidwe.
Mkazi wanga Joana ankati nyumba ino ndi uvuni,
ife ndi njerwa zake, tikungodikira kupsa.

Atabwera okonza nyumba za m'laini
sindinadzuke n'komwe. Anthu a mafaelo ndawaonapo ambiri.
Koma Lolemba m'mawa padenga panakwera mtsikana,
mwana wa Alufazema, uja ankagulitsa masau pa depoti,
atavala ovololo, ndowa ya penti kumanja.
Ndinati, Esinta, denga loyera mbee ngati mkanjo wa ubatizo n'lachiyani?
Iye anati, dzuwa likafika lizibwerera komwe lachokera,
bambo Zuze, sunthani apo ingakudonthereni.

Anaboola khoma m'mwamba, mbali yochokera mwera,
n'kukhomapo sefa wotchinga udzudzu.
Kunsi kwa malata anayala siling'i ya bango,
bango lomwe lija ndinkadula kudambo ndili mnyamata,
miyendo ili m'matope, maso ali kwa ng'ona.
Sindinkadziwa kuti lingaime pakati pa ine ndi dzuwa.
Khoma lomwe madzi osefukira analidya m'munsi
analimanganso ndi njerwa zotsindira pa makina,
njerwa zosaona moto.
Palibe tsanya amene wagwa chifukwa cha chipinda changa.
Kenaka khonde, ndi mitengo iwiri ya nimu chakumadzulo,
yaifupi kuposa mbuzi, yozingidwa ndi minga.
Mthunzi wake adzakhalamo ndi ena. Zilibe kanthu.

Sola yake ndi yochepa ngati lichero
koma mababu atatu amayaka,
ndipo Joana wasiya kukangana ndi wagolosale
za mabatire ofa asanafike kunyumba.

Lachisanu ndinaweruka, ndinavula jombo, ndinagona.
Ndinagona, anthu inu.
Ndinalota ndili pamwamba pa zitunda za ku Thyolo,
nkhungu ikundinyambita m'khosi.
Joana akuti analowa kawiri
kudzandiika chala pamphuno
kuti aone ngati ndikupumabe.

Koma ndalama zinathera pa nambala 20.
Kuyambira 21 mpaka kumpope wa kumapeto
malata akadali a dzimbiri, akulirabe tha! tha!
Akuti chaka chamawa.
Mawu amenewo timawadziwa, tinakula nawo.

Pa 23 pali khanda la masabata asanu,
khosi ndi msana zonse totupa ta thukuta.
Dzuwa likafika paliwombo
mayi wake, Tsanzo, amagogoda ndi chala chimodzi,
salankhula, amadziwa kuti ndachoka kuntchito.
Amayala chitenje pamphasa, kumapazi kwanga,
amaligoneka, n'kubwerera kukachapa.
Timagona awiri, mlonda ndi khanda,
wina wa zaka makumi asanu ndi zitatu, wina wosalembetsa n'komwe dzina.

Nthawi zina limalira n'kundidzutsa.
Sindikwiya.
Ndimaliika dzanja pamimba, ndimayang'ana kumwamba,
n'kuyamba kuwerenga bango la Esinta limodzilimodzi
kuchokera kukhoma la kum'mawa.
Dzulo ndinafika pa makumi anayi ndi ziwiri.
Kupitirira apo sindinafikepo.