M'bokosi la Choko

Ndimaphunzitsa Sitandade 5 B ku Kawale:
ana zana limodzi ndi asanu ndi anayi,
madesiki makumi awiri, zenera lopanda galasi.
Maso anga ndi awiri okha.

Sungeni Kaphale ankakweza mkono pafupipafupi:
"Aphunzitsi, ndikataye madzi."
Kachitatu ndinati ayi.
Kachinayi ndinamupatsa chikwakwa
akatchetche kuseri kwa ofesi,
dzuwa likuliza malata.
M'kaundula ndinalemba: waulesi, amasinza m'kalasi.
Ndi inki yofiira. Ndi dzanja lomweli.

Lachiwiri lina pa asembule,
nyimbo ya fuko ili pakati,
mawondo ake anakana.
Thukuta lozizira, manja akunjenjemera,
mawu akutuluka ngati a munthu woledzera.
Ena anati khunyu, musamukhudze.
Ena anati kwawo alipo akumudya.
Ine ndinangoti kakasi, choko m'manja.

Ndi Nagama, wogulitsa mafirizesi pageti,
amene anapyola mizere ya ana.
"Akumeza? Mudzutseni mutu!"
Analuma pulasitiki, namumwetsa madzi ofiirawo pang'onopang'ono.
"Malemu amuna anga ankatere.
Shuga watsika uyu."
Sanafunse za ndalama yake.

Mayi ake anafika pakabaza kuchokera ku Tsoka,
atasiyira mnzawo mulu wa kaunjika.
Sanakalipe. Bwenzi zitandipepukira.
Anangoti: "Kalata ya ku Sentulo
ndinapereka kwa ahedi mu Januwale."
Tinaipeza m'dirowa,
pansi pa malisiti a simenti.

Anandiuza za kabotolo ka mankhwala
kokhala mumphika wadothi, mumchenga wonyowa,
poti firiji alibe, magetsi nawo ndi mlendo;
za jakisoni wa mbandakucha ndi wa madzulo;
za tsikulo, kuti anabaya koma phala sanamalize
poopa chikwapu cha ochedwa.

Tsopano m'bokosi la choko
muli maswiti atatu.
Kalasi yonse ikudziwa, ngakhale Zondwayo wa zala zazitali,
koma palibe waba.
Pakhoma padakali lamulo lija: Osadya m'kalasi.
Ikakwana teni, Sungeni amasenda mbatata yake pansi pa lamulolo
ndipo ine ndimapitiriza kugawa manambala.
Akafuna kutuluka safunsanso;
amangondiyang'ana, ndimagwedeza mutu.

Mwatitha, wokhala naye desiki, ndiye maso anga achitatu.
"Aphunzitsi, wayamba kutuwa."
Nthawi zina amalakwitsa,
amangokhala kuti mnzakeyo masamu amukanika.

Anzake anafunsa ngati amapatsirana pobwerekana pensulo.
Wina anati shuga ndi wa mabwana a ku Area 10,
a mimba ndi magalimoto.
Sungeni anaimirira yekha, nakweza malaya,
kuonetsa timadontho ta singano pamimba pake.
"Ine bwana?"
Anaseka mpaka a 5 A anagogoda khoma.

Lachisanu amasewera mpira, nambala seveni.
Amayamba wadya nthochi.
Ine ndimaima pambali pa bwalo, switi m'thumba la shati,
kunamizira kuti ndimakonda mpira.

Inki yofiira sifufutika.
Ndayesa ndi rabala, ndayesa ndi lezala,
pepala lafuna kubooka.
Mawu aja alipobe pafupi ndi dzina lake,
ndipo m'mawa uliwonse poitana maina
ndimawadutsa ndisanafike pa iye.
"Kaphale Sungeni."
"Ndilipo, aphunzitsi."