Jumbo ya ku Gulupu

Magetsi athima Bangwe yense.
Ndaimika foni m'kapu kuti iunike,
ndakhuthulira pamphasa jumbo ya mayi:
zaka khumi ndi ziwiri za kudwala kwawo
zamwazika mpaka kunsi kwa mpando.

Mabuku a kuchipatala alipo atatu.
Limodzi khoswe anadya ngodya
penipeni pamene panali deti.

Ili ndi pepala la ku Milanje, la Chipwitikizi,
la chaka chija anakomoka pamaliro a alongo awo.
Ndinapita nalo kwa Fulujensiyo wosoka nsapato ku Limbe,
anandiwerengera ulusi uli kukamwa:
shuga wakwera, impso zayamba kutopa.
Ndinalemba m'munsi ndi pensulo,
ndinamulipira chinangwa chootcha.

Awa ndi a ku Gulupu,
Chingerezi chake ngati papalasa nkhuku.
Ndaphunzira kuchiwerenga monga ndimawerengera nkhope ya bwana,
mongoyerekeza, mwamantha.

Koma mayi amadwala m'Chilomwe.
Akati murima, dokotala amathamangira kumvera mtima,
pomwe iwo akunena chinthu china,
chimene chimawakhala pansi pa nthiti
chichokereni bambo.

Za penisilini palibe analemba.
Ndi ine ndekha ndinaona milomo ikutupa,
maso akutsekeka, namwino akuthamanga slipasi imodzi.
Ndatenga bolopeni yofiira,
ndazilemba pachikuto katatu, m'zinenero zitatu,
lachitatulo molakwitsa mwina, koma mofiira ndithu.

Mawa sindipita nawo.
Ku Makata salola kujomba kawiri mwezi umodzi.
Awaperekeza Yotamu, amene sadziwa
kuti woyera wamng'ono ndi wam'mawa,
wogamphula pakati ndi wausiku.
Ndamata mbewu iliyonse pa katoni ndi selotepi,
dzina lake pambali, dzuwa kapena mwezi pamwamba.
Mapepalawa akandiyankhulire.

Zakale pansi, zatsopano pamwamba,
ndamanga ndi mphira wa ku thumba la shuga.

Mayi atembenuka pabedi, akhosomola.
Ukulemba chiyani usiku uno?
Ndikulemba inu, mayi.
Akhala chete mpaka ndaganiza kuti agona.

Ukalembenso kuti ndinkasenza mtolo wa nkhuni
kuchokera kuphiri kuja osatula,
asamaone ngati ndinabadwa chonchi.

Ndafunafuna m'mabuku onse atatu.
Pali danga la kulemera, la magazi, la mkodzo.
Ndazilemba kumbuyo kwa chikuto,
m'Chichewa, ndi pensulo,
batire itatsala pang'ono kutha.