Dzino la Woimba Lipenga

Linabenthuka Lamulungu, pa maliro a Don Fulgencio,
gulu lathu likukhota pangodya ya msika wa Tlacolula.
Woimba ng'oma anapunthwa, chigongono chake chinagunda lipenga,
lipenga linagunda ine.
Ndinalavulira m'dzanja kachidutswa konga njere ya mpunga,
nyimbo n'kukafika kumanda popanda ine.

Sabata yonse ndinali wofunsa.
Wometa tsitsi anati pita kwa mlamu wanga, sachedwa kuzula.
Mayi wogulitsa chokoleti anati usayerekeze,
ameneyo amazula ndi abwinobwino omwe.
Pakhoma la sitolo ya mankhwala panali manambala atatu:
yoyamba inangolira,
yachiwiri inatchula mtengo ndisanatchule dzina,
yachitatu inali ya Dokotala Citlali Zárate,
pamwamba pa ogulitsa nsapato, masitepe khumi ndi asanu ndi anayi.

Ndinapita ndi mwana wanga Nayeli,
amene chiyambire sukulu amaseka atagwira pakamwa.

Dokotala anakweza chithunzi cha mafupa ku nyali.
Ndinaona mizu yanga koyamba, yaitali, yopendekeka
ngati mipanda ya munda wosiyidwa.
Anati njira zilipo.
Tikhoza kumata pobenthukapo ndi phala loyera, lero lomwe.
Tikhoza kulipala pang'ono, n'kuliveka chigoba
chopyapyala ngati chikhadabo, koma chopalidwa sichimeranso.
Kapena mawaya, zaka ziwiri, onse afole pamzere.
Zina n'zochiza, anatero, zina n'zokongoletsa,
ndipo ndidzakuuzani nthawi zonse kuti ichi n'chiti.

Ndinafunsa funso limene silinali pa pepala lake:
nanga mawu?
Zaka makumi atatu mkuwa wakhala pa dzino lokhotali.
Mlomo unapeza pamenepo pogona,
mpweya unaphunzira kazembedwe kake.
Mukaliwongola, adzaimba ndani?

Anavula magolovesi, anaganiza.
Mawa mubwere nalo lipengalo.

Ndinaimba m'chipinda chonunkha mankhwala,
iye akumata, akupala, akuti yesaninso.
Ogula nsapato pansi anasiya kutsutsana mitengo.
Ulendo wachinayi mawu anabwerera,
osasa pang'ono kumanzere, monga kale.
Basi, musalikhudzenso, ndinatero.
Analisiya lokhota.

Mawaya anapita kwa Nayeli.
Ake sanali a maonekedwe okha: mano apansi ankaluma usinini,
mkate ankatafunira mbali imodzi.
Anasankha timphira tobiriwira.
Masiku atatu anangomwa msuzi, akundiyang'ana ngati ndamugulitsa.
Ndinapempha dokotala kuti amange kwambiri, zithe msanga,
poti mapeso mazana asanu ndi limodzi pamwezi
ndi maukwati awiri ndi maliro amodzi.
Anakana. Dzino limayenda ngati mthunzi wa nyumba,
ukalikankha, muzu umafa.
Fupa lokakamiza, ndinadziuza potsika masitepe, limaswa mphika.

Tsopano ndi mwezi wa khumi ndi umodzi.
Usiku ndimamva kamswachi kake kakulowa pakati pa mawaya
ine ndikupukuta mkuwa.
Tonse awiri tili ndi chitsulo pakamwa.

Dzulo pa ukwati wa ku Mitla ndinaphonya noti yapamwamba,
lipenga linalira ngati bulu.
Kumbuyo kwa mipando wina anaseka mokweza,
mawaya akung'anima padzuwa,
manja onse awiri ali pa mbale ya keke.