Zilembo za Mtovu

Atate anga, a Namakhwa, ankatola zilembo
kunyumba yosindikiza ya boma, kumtunda kuja
kumene nkhungu imatsika phiri n'kulowa pazenera osaodira.
Zaka makumi atatu, zala zili bii ndi mtovu.
Malamulo ankadutsa m'manja mwawo chagada,
iwo n'kumawerenga chobwerera, ngati pagalasi.

La penshoni adalitola usiku.
Amati lidabwera ndi mesenjala ali wefuwefu,
inki ya siginecha isanaume,
poti mwezi umenewo aphunzitsi adaika choko pansi
ndipo chisankho chinali chitasuzumira kale pakhomo.
"Mwanawe," ankatero, "lamulo silibadwa ndi chifundo.
Limabadwa masiku osakwana,
akuluakulu akagwidwa nthumanzi."

Pandime yachinayi panali kamzere kochotsa
onse olipidwa pa tsiku.
Iwo anali mmodzi wa olipidwa pa tsiku.
Adakatola okha kamzereko,
chilembo chimodzichimodzi,
adakawongola poti kadapendekeka,
adaika mpumiro,
n'kutsika wapansi mpaka ku Chikanda
Mulunguzi akusokosera mumdima.

Likulu litasamuka, mafayilo adakwera malole.
Yawo akuti idatsika panjira,
kaya pa Liwonde, kaya pa Balaka,
kalaliki sadziwa, ndi mwana wadzana.
Bwerani Lachinayi. Lachinayi tapita kasanu ndi kawiri.
Benchi ya pakhonde paja imatidziwa matako.

Dzulo galimoto ya zimkuzamawu yadutsa pa Chinamwali,
fumbi kobo, nsalu zikuponyedwa ngati chimanga cha nkhuku:
okalamba onse adzalandira, mwezi ndi mwezi, pa foni!
Amayi ena adalulutira.
Atate adatchera khutu labwino lija
n'kufunsa, "Wanena ndime yachingati?"

Maso adachita ng'ala tsopano.
Koma madzulo ndikawapatsa tiyi wopanda shuga
ndimaona dzanja lamanja likuyenda lokha pabondo,
kutola, kuika, kutola, kuika,
chala chachikulu chikupanikiza mzere kuti usagwe.
Sindifunsa chomwe akulemba.
Ndimangodikira afike pandime yachinayi,
pamene dzanja limaima m'malere kanthawi,
tiyi n'kumazizira,
kenaka n'kupitiriza.