Chachisanu ndi Chiwiri mwa Makumi Awiri

Anabwera nacho chokulunga m'chubu cha katoni,
Mayi Shawa, Lachitatu, mvula itangokata ku Kapata.
"Yamba wasamba m'manja, Yotamu.
Pepala ili mtengo wake ng'ombe ziwiri ndi thole."
Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Ndinapukuta utuchi pabenchi, n'kufunyulula pang'onopang'ono,
ndipo anatulukira m'fumbi, akavalo asanu ndi anayi,
opanda chishalo, opanda chingwe pakamwa,
ntchafu zosalembedwa dzina la munthu.
Wotsogola ali ndi chipsera paphewa,
khutu limodzi lapindikira kumbuyo ngati wamva mwano.
Wamng'ono, kumapeto, walowa theka lokha;
mchira unatsalira kunja kwa pepala,
kudziko limene sindilidziwa dzina.

Ine kavalo ndinamuonapo kamodzi, pachionetsero cha zaulimi,
atamangidwa pamtengo, akuingitsa ntchentche,
maso ngati a munthu wodikira malipiro.
Sindinkadziwa kuti ziboda zonse zinayi
zimatha kuchoka pansi nthawi imodzi.

Pansi, kumanzere, pensulo yalemba 7/20.
Akuti padziko lonse zilipo makumi awiri basi,
wojambulayo anasaina, n'kulumbira kuti sadzasindikizanso.
Akuti anagona m'tchire masabata atatu kudikira mphepo imeneyi.
Ndiye kuti nyama zopanda mbusa
zapeza eni makumi awiri,
aliyense ndi khoma lake, aliyense ndi risiti.

Ntchito yanga ndi makola.
Ndakhomapo la nkhumba ku Mchini, la nkhunda ku Nabvutika.
Ili ndi la mlombwa, mbali zinayi,
ngodya zokumana moti nyerere singadutse.
Guluu, zopanira, sandipepala mpaka chala chiterereke.
Galasi ndinaliuzira mpweya wa m'kamwa, n'kulipukuta ndi shati.
Msomali womaliza ndinaumenya mopepesa.

Magetsi anathima cha m'ma seveni,
Chipata yense zii, kupatula jenereta ya pagolosale
ndi mnyamata woitanira a ku Mwami.
Ndinatsala nawo, ine ndi tochi ya foni,
vanishi akuluma m'mphuno.
Ndinakumbuka bambo, amene anapalasa njinga zaka makumi atatu,
matumba a makala kumbuyo, kuchokera ku Chiparamba,
msana utapindika ngati chikwakwa.
Sindinawaonepo akuthamanga opanda katundu.

Ndiulule: ndinachijambula pafoni.
Chinatuluka chachimbuuzi,
tochi itaboola mimba ya wotsogola,
ndipo pakati pa ziboda pakuoneka chipumi changa m'galasi.
Chimenecho ndi cha makumi awiri ndi chimodzi.
Palibe anasaina. Palibe adzafunse mtengo.

M'mawa mwake galimoto ya Mayi inakana kulira,
ndiye ndinaitana Kambani wa njinga.
Ndinakhala pakaliyala, ndachifungatira m'bulangeti
ngati mwana wopita naye kuchipatala,
akavalo asanu ndi anayi, kaya asanu ndi atatu ndi theka,
kukwera chitunda cha ku Kalongwezi panjinga,
Kambani ali wefuwefu, akutukwana maenje,
amayi a tomato akufunsa ngati ndi wayilesi ya kanema.

M'nyumbamo muli zina zambiri:
njovu ya ku Mfuwe, mbidzi zitatu zikumwa madzi,
zonse ndi tinambala take pangodya.
Tinachipachika pamwamba pa sofa, moyang'ana zenera la zitsulo.
Mayi anabwerera m'mbuyo katatu, n'kuti chapendekeka.
Ndinachiwongola.
Anati chapendekekabe.
Mwina ndi akavalowo, ndinatero, onse akukokera mbali imodzi.
Anandiwerengera ndalama osayankha.

Pobwerera, pamtsetse, Kambani anasiya mabuleki.
Tcheni chinalira, miyala inathawa m'matayala,
shati yanga inadzaza mphepo.
Sindinamuuze kuti achepetse.