Masekondi zana limodzi ndi makumi awiri

Folo koloko m'bandakucha, ku Msasa,
jenereta ikutsokomola kuseri kwa mpanda,
makina olipira anthu a fakitale ya utoto
aima njii.
Sanafe ayi. Chakufa chimazizira.
Awa akutentha, mafani akupuma mwawefuwefu,
kanyale kobiriwira kali tong'o
ngati diso la nsomba pamsika wa ku Mbare,
koma ukawapempha fayilo amangokuyang'ana.

Pa sikirini mzere womwe uja, kachisanu ndi chiwiri:
ntchito yakutiyakuti yadikira kupyola
masekondi zana limodzi ndi makumi awiri.
Kenelo ndi yaulemu.
Ikamadandaula imangotchula nthawi.

Chengetai wavula nsapato, wakhala pa kireti.
Akuti, "Ingoipha."
Ndayesa kale.
Si tulo todzutsa ndi mkwapulo timeneti.
Wogonayu analumbira kuti sadzuka
disiki isanamuyankhe,
ndipo lumbiro lotere ngakhale mwini makina salimasula.

Ndiye ndikulondola mapazi.
Wolemba malipiro akudikira kaundula,
kaundula akudikira tsamba limodzi litsike,
tsambalo likudikira nambala ya pamzere,
ndipo manambala onse makumi atatu ndi awiri anatengedwa,
palibe imene yabwezedwa.
Copacabana madzulo a Lachisanu:
makombi adzaza, oitanira asasa mawu,
yakutsogolo siyikunyamuka
ndiye tonse tili pompo.

Tinayamba n'kuloza chala disiki. Ndani sakanatero?
Ndi yokalamba, inagulidwa pa okushoni.
Tinaisintha Lachiwiri, Lachinayi nthenda inabwerera.
Tinakayikira chingwe, tinakayikira ZESA,
tinafika pokayikira mlonda, a Gwatidzo, ndi ketulo yawo.
Masiku asanu ndi anayi.

Usiku uno ndaifunsa disikiyo payokha.
Yati: ine ndinamaliza kalekale,
ndinalemba, ndinagogoda kuti ndatha.
Inagogodadi,
koma pakhomo la purosesa yachitatu,
imene kenelo inali itaigoneka kuti batire lisathe
pa kamphindi kaja magetsi atathawa, jenereta isanadzuke.
Yankho linafika m'nyumba yosamukamo.

Ndakhala chete mpaka Chengetai wafunsa ngati ndadwala.

Bambo anga anachoka ku Ntcheu ndi sutikesi yamalata,
anagona zaka ziwiri ku Matapi, n'kusamukira ku Mufakose.
Ankati kwawo anawaiwala.
Kumudzi mlongo wawo Nachisale ankati mtchona alibe dzanja lolembera.
Titaika maliro a bambo, munthu wina wa ku Matapi
anabwera ndi katoni ya sopo yomanga ndi lamba wa njinga,
makalata a zaka khumi ndi chimodzi,
onse osatsegula,
dzina lolondola, chitseko cholakwika.
Palibe amene anakwiyira mnzake.
Aliyense anangodikira kumbali yake, mwaulemu.

Mankhwala ake ndi mizere khumi ndi isanu ndi iwiri:
usanagoneke purosesa, suzumira pakhomo pake,
tola zonse zimene zafika,
uza disiki kumene wasamukira.
Ndalemba, ndamanga kenelo yatsopano,
tiyi wazizira ndi mkaka wake pamwamba.

"A Gwatidzo, thimitsani magetsi."
Andiyang'ana ngati ndapenga, koma athimitsa.
Mdima. Jenereta. Fayilo yabwera.
"Thimitsaninso."
Kachitatu, kachinayi, iwo ayamba kuseka,
akuti ntchito ya ZESA ayipeza atakalamba.
Kakhumi, manambala onse akubwerera kwawo.

Kunja kwayera, Mutare Road yayamba kulira.
Ovala maovolosi a madontho akutsika m'makombi,
masana mafoni awo alira kuti malipiro alowa,
sadzadziwa za purosesa yachitatu.
Chengetai akufunafuna nsapato yake ina.
Ine ndikadali pampando, chala pa tebulo,
ndikuwerenga chamumtima mpaka zana limodzi ndi makumi awiri,
kenako ndikuyambiranso.